Maiki Yoyang'ana Kukhomo

Nkhani iyi ndi ya inu amene munachitapo manyazi ndi ntchito ya manja anu, mpaka kuyamba kudzera njira ya kuseri kuti musakumane ndi anthu.

Tsiku limenelo m'chipinda chometera munali anthu ambiri kuposa mipando. Ochepa anabwera kudzameta. Ambiri anabwera kudzamva nyimbo. Mnyamata wina amene ankamutcha Injiniya anali atalengeza paliponse kuti nyimbo yoyamba ya situdiyo yake yatuluka, ndipo woimba wake ndi achemwali ake enieni.

Situdiyoyo inali kachipinda ka kuseri kwa malo ometerawo, momwenso ankagonamo. Sukulu inamukanika. Ntchito yake inali yosenza masipika a bwana wina wobwereketsa zokuzira mawu pa misonkhano, ndipo dzina la Injiniya linachokera kumeneko, chifukwa ankayenda mawaya ali m'khosi. Linali dzina lomuseka. Iye analilandira ngati satifiketi.

Achemwali akewo ndi amene anamulera makolo atamwalira. Ankagwira ntchito yosita zovala pa hotela ina. Ankaimba posita, ankaimba potsuka mbale, ngakhale pokalipa mawu awo ankamveka ngati nyimbo. Ku kwaya ndiwo ankayambitsa. Tsikulo anatchena bulauzi yawo yabwino, n'kukhala pa benchi ya pakona pamodzi ndi amuna awo, kalipentala wanthabwala, manja atawaika pamiyendo.

Injiniya anayatsa masipika ake awiri akuluakulu n'kudina batani.

Choyamba kumveka silinali gitala. Linali phokoso loti shiii, ngati mvula pa malata. Kenako mawu a achemwali analowa, aang'ono, opyapyala, ngati akuimbira m'chitini. Atafika pamene nyimbo imakwera, mawuwo anang'ambika. Bambo wina amene ankametedwa ndevu anadzidzimuka mpaka makina anamulowa m'tsaya.

Wometa anazimitsa makinawo. "Aise, mwajambulira kubafa madzi akutuluka?"

Anthu anafa nalo phwete. Wina anati akumva mbuzi yomangidwa pakhosi. Wina anafunsa ngati mayiwo anali ndi chimfine.

"Ayi, tisamangoseka, katswiri ali pompano," anatero wometa akupukuta misozi. "A Injiniya, tiuzeni. Vuto ndi makina kapena ndi kummero?"

Injiniya anayang'ana masipika ake. Anayang'ana chikwangwani chatsopano cha situdiyo chimene anapachika pakhomo. M'chipindamo munali oimba angapo amene ankafuna kudzajambulitsa nyimbo kwa iye.

"Makina sanama, akulu," anatero. "Amatulutsa zimene walowetsa."

Kuseka kunathera pomwepo. Achemwali anaimirira, anakonza kolala ya bulauzi yawo, n'kutuluka osayang'ana munthu. Amuna awo anawatsatira. Atafika pakhomo, bamboyo anatembenuka.

"Mwakula, alamu," anatero, basi.

Achemwali sanamukalipire. Bola akanamukalipira. Anangosiya kuimba. Ku kwaya anawauza kuti ntchito yachuluka. Kuhotela anzawo ankafunsana ngati kunyumba kwagwa zovuta. Injiniya akapita kukawaona, ankamulandira, kumupatsa chakudya, kumufunsa za umoyo. Koma simbi inkangoyenda pa malaya, m'nyumba muli zii.

Tsiku lina alamu ake anakumana naye pamsewu atasenza sipika paphewa.

"Ine ndinakwatira wailesi, alamu, lero ndikukhala ndi kabati," anatero, koma osaseka. "Ndafunsa kuti chavuta n'chiyani. Akuti, zaka zonsezi ndakhala ndikusokosa anthu osadziwa, mchimwene wanga yekha ndiye wandiuza zoona."

Injiniya anatula sipika ija pansi. Ankadziwa kuti achemwali ake amaimba bwino, pakuti anakulira m'mawu amenewo. Chimene sankadziwa n'chakuti mawuwo ankatayikira pati pakati pa kamwa ndi laputopu yake yakale.

Kunali mayi wina wojambula nyimbo amene oimba ankamutcha a Makutu, chifukwa ankatha kumva kuti waya watha ali kunja kwa chitseko. Injiniya anali atawaonapo pa misonkhano akujambula makwaya. Anapita kusitudiyo yawo. Anamubweza kuti ali otanganidwa. Anapitanso. Anamubwezanso. Atatopa kumuona atakhala pa masitepe, anamuitana.

Anamvetsera nyimbo ija pang'ono chabe.

"Zimitsa. Ukujambulira chiyani?"

Anatulutsa maiki yake m'chikwama. Inali ya pulasitiki, yopepuka, ya mtundu umene ogulitsa amaitanira anthu pamsika.

"Umailowetsa pati?"

"Pa laputopu, mayi. Pali kabowo."

"Basi?"

"Basi. Koma masipika ndili nawo abwino kwambiri."

A Makutu anamuyang'ana modutsa pamwamba pa magalasi. "Masipika ndi pakamwa, mwanawe. Iwe chimene ulibe ndi khutu. Wagula chikamwa chachikulu kuti anthu onse amve kugontha kwako."

Anamukhazika pansi n'kumufotokozera. Maiki ndiyo khutu la situdiyo. Yachabechabe imamva pang'ono. Imataya kunenepa kwa mawu, imataya mpweya wa woimba, ndipo woimba akakweza, iyo imasweka. Komanso mawu otuluka mu maiki iliyonse amakhala aang'ono kwambiri. Amafuna kabokosi kotchedwa piriyampu, kamene kamawakuza mwaukhondo asanalowe mu kompyuta. Popanda kabokosiko, munthu amakweza voliyumu atajambula kale, ndipo phokoso la mawaya ndi la kompyuta limakwerera limodzi ndi nyimbo. Imeneyo ndiyo inali mvula ija.

"Woimbayu ndani?" anafunsa a Makutu.

"Achemwali anga."

"Pansi pa zinyalala zakozi pali mawu. Ukawauze."

Sanakawauze. Anadziuza kuti adzapita akadzakhala ndi umboni m'manja. Zoona zake n'zakuti ankachita manyazi. Anafika kangapo pa mpanda wa nyumba ya achemwali, n'kubwerera.

M'malo mwake anapempha a Makutu kuti azibwera kudzaphunzira akaweruka. Anamulola. Ntchito yake inali yokulunga mawaya, kuimika zitsulo za maiki ndi kutseka pakamwa. Kukulunga waya kokhako anamubweza kambirimbiri. Iye ankabwereza osadandaula.

Anagulitsa masipika ake akuluakulu aja. Anagulitsa sofa imene alendo ankakhalapo. Chikwangwani anachitsitsa n'kuchiika kunsi kwa bedi.

"Situdiyo yagwa, aise?" wometa ankamufunsa m'mawa uliwonse. "Kapena tiikemo nkhuku?"

Injiniya ankangodutsa mutu uli zyoli.

Patapita miyezi, gulu lina loimba linapasuka n'kuyamba kugulitsa zipangizo. Kumeneko anapezako maiki yeniyeni yojambulira mawu. Inali yolemera, yoima chilili ngati botolo, ndipo mbali imodzi inali ndi chizindikiro chonyezimira cha kampani. Anapezanso piriyampu yogwiritsidwapo kale ntchito, ya mabatani awiri opotokola ndi tinyali tiwiri, kobiriwira ndi kofiira. Anazinyamula pachifuwa ngati khanda.

Anakhoma mabulangete pakhoma la mkati, pamene woimba aziima. Maiki anaiimika pakati pa chipinda. Kenako anabwerera m'mbuyo mpaka pakhomo n'kuiyang'ana. Chizindikiro sichinkaoneka. Anapita n'kuitembenuza kuti aliyense wolowa aziyamba waona dzina limenelo. Anabwereranso pakhomo. Tsopano chinkanyezimira. Mtima wake unakhala pansi.

Woyamba kubwera anali woimba wina wa m'mabala, wa gitala losweka m'mbali. Anaima pakhoma la mabulangete n'kuimba ndi mtima wake wonse. Atamaliza anavala mahedifoni kuti adzimvere.

Mvula ija inali itatha, zoonadi. Koma mawu a woimbayo ankamveka kutali, ngati akuimbira m'chitsime. Chimene chinkamveka bwino ndi makina ometera kuseri kwa chitseko, komanso wometa mwini wake akufotokozera kasitomala za mkazi wa mwini golosale. Liwu lililonse linkamveka mbee.

Woimbayo anavula mahedifoni. "Nyimboyi ndi yanga kapena ndi ya ometawo? Chifukwa ngati ndi yawo, yagunda."

Anatenga gitala lake n'kumapita. Pofika madzulo nkhani inali itazungulira msewu wonse.

Injiniya anayesa zonse. Anapotokola batani mpaka kumapeto, kanyali kofiira n'kuyaka, mawu n'kusweka. Anasintha waya. Anawonjezera bulangete lina, lomwe ankafunda. Sizinasinthe. Anayamba kukhulupirira kuti anamugulitsa chinthu chakufa. Kenako anayamba kukhulupirira choipa kuposa pamenepo, chakuti vuto ndi iyeyo: sukulu inamukanika, ndiye ichinso chiyenera kumukanika. Anaganiza zogulitsa zonse n'kumangosenza masipika a eni ake mpaka msana udzathyoke.

Asanatero, anatengera maiki ija kwa a Makutu. Iwo anailumikiza, anaima kutsogolo kwake, n'kulankhula mawu ochepa. Anamveka ngati akukunong'oneza m'khutu.

"Ilibe vuto."

"Kwathu ikukana, mayi."

"Maiki sidziwa kuti uku n'kwanu. Kaiike mmene umaiikira. Ndibwera ndidzaone."

Anabwera masana a tsiku lotsatira. Anadutsa pakati pa anthu ometa, n'kuima pakhomo la kachipinda kaja. Sanalowe. Anangoyang'ana maiki, kenako khoma la mabulangete, kenako Injiniya.

"M'nyumba muno amaimba ndani? Chitseko?"

Injiniya sanamvetse.

"Maiki imeneyi imamva kutsogolo, kumbuyo ndi yogontha. Kutsogolo kwake ndi kumene kuli chizindikiroko. Woimba wako umamuimika kunkhongo kwake. Unaitembenuziranji?"

Injiniya anayang'ana chizindikiro chija. Kuseri kwa a Makutu, wometa anali atazimitsa makina kuti amve bwino.

"Ndakufunsa."

"Kuti anthu aziona dzina, mayi."

"Ehe." Analowa n'kuitembenuza ndi zala ziwiri. "Poyamba masipika, lero dzina. Iwe nthawi zonse umajambulira anthu a pakhomo. Yamba kujambulira amene akuimba."

Injiniya anayang'ana kukhomo. Ankayembekeza kuti wometa aphulika kuseka. Koma wometayo anangoyatsa makina ake n'kubwerera ku mutu umene anausiya.

Tsiku lomwelo a Makutu anamuonetsa zina ziwiri. Woimba aziima motalikirana ndi maiki ngati chikhato chotambasula. Ndipo asanayambe kujambula, woimbayo aziyamba waimba malo okwera kwambiri a nyimbo yake, iye n'kumapotokola batani la piriyampu mpaka kanyali kobiriwira kaziyaka, kofiira osayaka.

"Ukatero, ngakhale akuwe bwanji, mawu sang'ambika," anatero. "Udzisiyira malo."

Injiniya anayeserera pa mawu ake omwe, oipa monga analili. Anapita kukapepesa woimba wa m'mabala uja n'kumujambulanso. Nyimboyo inamveka ngati munthuyo wakhala nawe pampando umodzi, mpaka zala zikamatsetsereka pa nsambo. Oimba ena anayamba kubwera. Wometa anayamba kuuza makasitomala ake kuti atsitse mawu, kuseri kukujambulidwa.

Koma ku nyumba ya achemwali kunali kudakali zii.

Anawatumizira uthenga kuti abwere adzaone situdiyo. Anayankha kuti ali ndi zosita. Anatumizanso. Anayankha kuti akumufunira zabwino.

Loweruka lina masana, Injiniya analongedza maiki, piriyampu, laputopu ndi mahedifoni m'katoni n'kuuyamba ulendo. Atafika pa mpanda uja miyendo inafuna kubwerera monga mwa chizolowezi. Anaikakamiza.

Achemwali anali akuyanika zovala pa chingwe. Alamu anali pakhonde akupala thabwa. Pa mpopi wa pabwalo panali amayi a nyumba zoyandikana, akudikira kuti ndowa zidzaze.

Injiniya anatula katoni n'kuyandikira.

"Achemwali," anatero chapansipansi, "ndinanama."

"Sindikumva."

"Ndati ndinanama."

Achemwali anakung'untha malaya n'kuwapachika. "Tsiku lija munalankhula mokweza, a Injiniya. Anthu onse anamva. Lero mawu apita kuti?"

Injiniya anayang'ana ku mpopi. Amayi aja anali atasiya kucheza.

"Ndinanama!" anatero mokweza. "Vuto silinali kummero kwanu. Linali maiki yanga ndi umbuli wanga. Ndinkadziwa kuti mumaimba bwino. Ndinaopa kuti andiseka, ndiye ndinaponya inuyo kuti aziseka inu."

Ndowa ina inasefukira, mwini wake osaona.

"Bwerezani, alamu," anatero kalipentala, "a nyumba ya kumapeto sanamve."

"Inu khalani chete," anatero achemwali. Anapukuta manja pa siketi n'kuyang'ana mchimwene wawo nthawi yaitali. "Ndakumva. Koma zimene ndinamva tsiku lija ndinazimva ndi makutu angawa. Sungazichotsemo ndi pepani."

"Ndiye mumvenso ndi makutu omwewo. Musaimbe. Mungovala izi."

"Ndili ndi ntchito."

"Ndikudikirani."

Injiniya anakhala pambali pa katoni yake padzuwa. Achemwali anayanika zovala zonse, chimodzichimodzi, mosafulumira. Anatsuka beseni. Analowa m'nyumba. Patapita nthawi anasuzumira pakhomo.

"Ufera pamenepo anthu azinena kuti ndapha m'bale wanga. Lowa."

Anaimika maiki pabalaza, pafupi ndi makatani, chizindikiro chikuyang'ana pamene achemwali anaima. Anawaveka mahedifoni. Iwo anapinda manja pachifuwa.

"Iwe mwana iwe, ndinakusambitsa ine, ndinakuchapira ine, lero ukufuna undi..."

Anaima. Anagwira mahedifoni ndi manja onse awiri. Mawu awo anali atawabwerera m'makutu athunthu, onenepa, apafupi, pamodzi ndi mpweya umene anakoka asanayambe kukalipa.

"Ameneyu ndi ine?"

"Ndinu."

"Sunaikemo mankhwala?"

"Palibe. Ndi waya basi."

Anatsokomola pang'ono n'kudzimvera. "Halo," anatero.

"Takulandirani, mayi," anayankha alamu ali pakhomo. "Munasowatu."

Achemwali anatseka maso n'kuyamba kung'ung'udza, pansipansi, ngati munthu woponda pa mlatho umene sakuukhulupirira. Injiniya anaika zala pa batani.

"Achemwali, ndipatseni paja nyimbo imakwera."

Anatsegula maso. "Paja pomwe?"

"Pomwepo. Kwezani mmene mungathere. Sing'ambika."

Anakoka mpweya. Anayamba mwamantha, kenako anaiwala mantha. Mawu anakwera mpaka magalasi a kabati ananjenjemera. Kanyali kobiriwira kanayaka. Kofiira kanali phee. Pawindo panatulukira mitu ya amayi a pa mpopi.

Anajambula nyimbo yonse. Atamaliza, Injiniya anaibweza. Achemwali anamvetsera ataimirira, maso ali chitsekere, milomo ikutsatira. Iye ankangoyang'ana nkhope yawo. Nyimbo itatha, anavula mahedifoni pang'onopang'ono.

"Pa mzere wachiwiri ndatsika," anatero. "Ndamva bwinobwino."

"Sizikumveka kwenikweni, achemwali..."

"Usandinamizenso. Zikumveka. Kumeneko si makina ako, ndi ineyo. Kummero kwachita dzimbiri." Anavalanso mahedifoni n'kudziyeza okha chikhato chimodzi kuchoka pa maiki. "Bambo, tsekani chitseko, anthu akusokosa. Iwe, bweza. Tiyambirenso."

Inu amene mukuwerenga, mwina ntchito yanu yakuchititsani manyazi pagulu. Musaponyere mlandu munthu amene anakukhulupirirani. Khalani pansi, mufufuze pamene ikutayikira, ndipo mufunse odziwa ngakhale akubwezeni pakhomo. Ngati munaponya kale mlanduwo, nyamukani masana, anthu akuona, mukaubweze pamutu panu. Zimawawa, koma zimatheka. Mtima usagwe. Bwezani, muyambirenso.